Chithunzi Chimene Chinamera Ndevu ku Ndirande

Mpaka lero ndikamva fungo la chuku, maso anga amathamangira okha pakhoma. Anthu amadabwanso kuti m'nyumba mwanga simupachikidwa kanthu pakhoma, ngakhale kalendala ya ulere. Ndimawauza kuti ndimakonda khoma loyera, koma limenelo ndi bodza la mkamwa chabe. Nkhani yake yeniyeni ndinaisunga pansi pa lilime zaka zambiri, chifukwa masiku amenewo nkhani ngati iyi inkatha kukutengera kumalo kumene anthu sankabwerako msanga.

Munali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi. Ndinali mnyamata, ndikugwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe, kuyeza ndi kudula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinkachita lendi kachipinda kamodzi ku Ndirande, kumtunda kumene njira imayamba kukwera phiri. Nyumbayo anaimanga pokumba m'mbali mwa chitunda, moti khoma lakumbuyo linali lotsamira dothi mpaka m'chiuno. Mvula ikagwa kuphiri, madzi ankatsika mwaulemu, n'kufika pakhoma langa, n'kukhala pomwepo ngati mlendo amene sakudziwa kutsanzika.

Banga la chinyontho linayamba pakhomapo, laling'ono ngati chikhatho. Pofika dzinja lachiwiri linali litakula kuposa lichero. Munthu wanzeru akanachita nalo mantha, koma ine (ndivomere, mutu wanga unkakhala m'mitambo kuposa pansi) ndinalikonda. Lamulungu masana ndinkagona chagada pabedi, mvula ikuyimba pamalata, nkhungu itaphimba phiri lonse, ine maso pakhoma. Banga lija linali dziko langa. Pamene panali ndere pobiriwira linali dambo lodyetsa ng'ombe zanga. Chuku chakuda chinali mapiri. Mizere ya madzi inali mitsinje, ndipo umodzi ndinaupatsa dzina. Sabata iliyonse dziko langa linkakula popanda nkhondo, ndipo ndinkasankha pamene ndidzamange nyumba ya njerwa zootcha, ya khonde lozungulira.

Pansi pano zinthu sizinali bwino chotero. Nsapato zanga zakutchalitchi zinkamera ubweya wobiriwira kunsi kwa bedi. Jekete linkatuwa m'mapewa. Mchere unkasungunuka wokha m'botolo, machesi osayaka, bulangete lolemera ngati wina waligonera kale. Pa basi anthu ankanunkhiza m'mwamba n'kufunsana kuti ndani wanyamula chimanga chovunda, ine n'kumathandiza nawo kuyang'ana.

Eni nyumba anali a Makwinja, bambo achikulire opuma ntchito ya njanji, ovala chikhoti chachitali ngakhale mu Okutobala. Ndikawaonetsa khoma, ankaliyang'ana mwachikondi ngati akuona mdzukulu.

"Achimwene," ankatero, "nyumba ndi munthu. Imapuma, imatuluka thukuta. Inu simutuluka thukuta?"

"Koma bambo, thukuta lake likumera ndere."

"Dikirani dzuwa. Chiuma chokha chimenecho."

Tsiku lina m'sitolo munabwera bambo wina wogwira ntchito ya zaumoyo kukhonsolo, kudzagula nsalu ya yunifolomu ya ana. Atandinunkhiza (sanachite kufunsa, mphuno inamuuza), anandifotokozera kuti kukonza khoma lolowa madzi ndi udindo wa mwini nyumba, osati wa wobwereka, ndipo munthu akhoza kukadandaula. Ndinabwerera ku Ndirande nditafufuma ngati finye. Ndinapeza a Makwinja akusenda nzimbe pakhonde, ndipo ndinawayalira lamulo lonse monga ndinalimvera, n'kuwonjezerapo pang'ono zanga.

Anatafuna nzimbe, n'kulavula zinyatsi zake pang'onopang'ono.

"Khonsolo ikudziwa kuti pano pali nyumba?" anafunsa. "Kawaitaneni. Akabwera sadzaona khoma limodzi, adzaona nyumba yonse. Akaigwetsa, inu ndi lamulo lanulo mukagona kuti?"

Ndinalowa m'chipinda changa n'kukagona chagada, kukayendera ng'ombe zanga kudambo.

Zikanapitirira choncho pakanapanda Esinati. Esinati ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Chilomoni, ndipo ankabwera kwathu kudzagula nsalu. Ndinkamuyezera yadi yotalika kuposa ya anthu ena onse, mpaka anazindikira. Anali ndi kaseko kotsika, kongomveka kwa amene wayandikira. Analinso ndi mphumu. Kukazizira, chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka, ndipo ankaima pakati pa mawu kudikira mpweya. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anamulera ndi azakhali ake, amene ankamunyamula kumsana kupita naye kuchipatala mphumuyo ikamugwira.

Amalume ake anandilandira bwino, ankhoswe anakambirana, koma onse anati mawu omaliza ali ndi azakhali, ndipo azakhaliwo anati sayankha asanaone kumene mwana wawo akakhale.

"Ndikuuziretu," anatero Esinati. "Azakhali sayang'ana mipando kapena mbale. Amagwira makoma. Akapeza chinyontho, ukwati watha pomwepo. Kwanu n'kouma?"

"Kouma gwa," ndinayankha, osaphethira. (Mumtima ndinkakhulupiriradi kuti chikondi chikalowa m'chipinda muja, khoma lidzauma ndi manyazi.)

Nzeru inandipeza m'sitolo. Masiku amenewo sitolo iliyonse, ofesi iliyonse, inkapachika chithunzi cha Mkulu wa dziko, pamwamba kuposa china chilichonse. Wotchi, kalendala, zonse zinkakhala m'munsi mwake. Palibe ankachiloza ndi chala, palibe ankachigwira popanda chifukwa. Bwana wanga anali atangogula chatsopano, ndipo chakale, chachikulu, cha fulemu yakuda ndi galasi, chinali kuchipinda chosungira katundu, chitakhazikidwa pampando chifukwa ankaopa kuchiika pansi. Ndinachiyang'ana, ndinakumbukira banga langa, ndinayeza ndi maso a munthu woyeza nsalu. Chinkakwana ndendende.

Nditachipempha, bwana anandipatsa ndisanamalize kulankhula. Anachikulunga yekha, n'kundiperekeza mpaka pakhomo, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Munthu ameneyu sankapereka ngakhale kachidutswa ka ulusi. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanadabwa, koma ndinaganiza kuti wayamba kundikonda.

Pa basi anthu anandipatsa malo. Kondakitala amene ankandikankha tsiku lililonse anandithandiza kutsika. Ndinakwera chitunda cha Ndirande ngati ndanyamula mkwatibwi.

Loweruka limene azakhali ankabwera ndinadzuka m'mamawa. Ndinapachika chithunzi pa dziko langa, ng'ombe, mitsinje ndi mapiri zonse psiti. Timadontho totsala m'mbali ndinatipala ndi mpeni n'kupaka laimu. Ndinayatsa mbaula m'nyumba kuti mutenthe, n'kukazinga mtedza mpaka fungo lake linadzaza paliponse. Nsapato zaubweya ndinakazibisa kwa aneba.

Azakhali anali mayi wamfupi, wa duku yomangidwa mothina ndi ambulera yakuda. Atalonjeredwa sanakhale pansi. Anaima pakati pa chipinda n'kukoka mpweya ndi mphuno, maso ali tseke. Kenaka anayamba kuyenda. Khoma loyamba analigwira ndi kuseri kwa dzanja, monga amachitira mayi poona ngati mwana watentha thupi. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu. Atafika pa lakumbuyo anakweza dzanja, n'kukweza maso, n'kukumana maso ndi Mkulu wa dziko. Dzanja lija linaima m'malere, kenaka linatsika lokha n'kukakonza chitenje.

"Ndinu munthu wa chipani, achimwene?"

"Timayesetsa, mayi."

"Muli kafungo muno."

"Ndi mtedza, mayi. Wina unali wakale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Esinati anali pakhomo, akumwetulira pansi, akunyadira kachipinda kathu. Azakhali anatenga ambulera yawo.

"Nyumba siionedwa tsiku limodzi," anatero. "Ndidzabweranso mvula ikakhwima. Yankho mudzalimva pamenepo."

Ine ndinangomva kuti sanakane. Atachoka ndinavina ndekha m'chipinda. Ndinakonza zoti madzulo omwewo ndichotse chithunzicho, ndichisunge bwinobwino, ndidzachipachikenso akamadzabwera. Koma a Makwinja anali atasuzumira pakhomo nthawi ya alendo, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kwa atcheyamani a chipani a dera lathu. Anabwera okha, ndi anyamata awo ogulitsa makadi a chipani pambuyo. Anavula chipewa pakhomo panga.

"Taonani!" anatero kwa anthu amene anasonkhana. "Mnyamata wa chipinda chimodzi, alibe ngakhale wailesi, koma taonani chimene waika patsogolo. Ena a inu muli ndi nyumba za zipinda zinayi, pakhoma mwapachika zithunzi za osewera mpira. Alendo akuluakulu akadzabwera kumsonkhano wa dera mvula ikatha, ndidzawabweretsa pano adzaone."

A Makwinja anaima pambali pawo chifuwa patsogolo, akufotokoza kuti iwo salola munthu wamba kuchita lendi pamalo pawo.

Basi, msampha unali utafwamphuka. Kupachika chithunzi chija aliyense akanatha, koma kuchichotsa ukananena kuti chakulakwira chiyani? Amayi opita kumpopi ankasuzumira pakhomo. Ana ankaima pawindo. Ndikatseka chitseko masana, wina ankagogoda kuti mlendo wake wochokera kumudzi akufuna kuona. Ndinachisiya pomwepo. Ndipo kunena zoona, patapita masabata angapo ndinazolowera. Anthu ankandipatsa moni woyamba. Ndinkangosowa dziko langa, ndipo pogona chagada ndinkaganiza kuti kuseri kuja mitsinje yanga yafika pati, ng'ombe zaswana zingati.

Mvula ya Febuluwale inagwa ngati yatumidwa. Lamulungu lina masana ndinali pabedi monga mwa nthawi zonse, ndikulota ndili maso. Ndinkaona Esinati atakhala pakhonde lozungulira lija, makina ake akulira, ana athu akuthamangitsana pa kapinga. Maso anga ankayendayenda okha, mpaka anakatera pachithunzi. Ndinaganiza kuti, koma Mkuluyu lero sanamete.

Ndinapitiriza kulota pang'ono. Kenaka ndinakumbukira kuti chithunzi sichimera ndevu.

Ndinadzuka, ndinatseka chitseko, ndinayandikira. Amayo ine! Pachibwano, mkati mwa galasi, panali patamera kandevu kobiriwira, kofewa, kokonzeka bwino ngati ka m'busa. Pakolala panali timadontho takuda. Dziko langa silinafe kuseri kuja. Linaboola katoni ya kumbuyo kwa fulemu n'kuyamba kulanda boma. (Ndivomerenso apa: kwa kamphindi ndinaona kuti ndevuzo zinkawakhala. Kenaka ndinakumbukira kuti nthawi imeneyo maganizo otere ankatha kumveka kunja kwa mutu.)

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kuganiza. Ine ndinatenthetsa madzi. Ndinatsitsa chithunzi, ndikupepesa chapansipansi, n'kuchotsa timisomali takumbuyo. Katoni inali yofewa ngati buledi woviikidwa mu tiyi. Ndinanyowetsa kansanza, ndinapaka sopo pang'ono, n'kupukuta chibwano mwaulemu wonse umene mayi anga anandiphunzitsa. Ndevu zinachoka. Nditayang'ana kansanza kaja, chibwano nacho chinali pomwepo.

Ndinaima pakati pa chipinda, chibwano cha dziko lonse chili m'manja mwanga, mvula ikusekera padenga. Ndinayesa kuchimata ndi phala la ufa. Chinamatika chopendekera kumanzere. Pobowoka ndinadzazapo ndi polishi wa nsapato. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione ntchito yanga, munthu amene ankandiyang'ana anali ngati wagwa panjinga. Ndinachibwezera pakhoma, n'kuuza aneba kuti ndadwala chimfine choopsa, chitseko chikhala chotseka. Koma chuku chimakonda ufa kuposa pepala. Sabata isanathe ndevu zinabwerera, ulendo uno zafika m'makutu.

Mantha a mtundu umenewo sindinawamveponso. Galimoto iliyonse yoima mumsewu inali yanga. Ndinkadula nsalu mokhota. Pomaliza ndinapita kwa a Makwinja n'kuwapempha kuti abwere adzaone kanthu kakang'ono.

Analowa akutafuna nzimbe. Ndinatseka chitseko, n'kuwalozera ndi mutu. Nsagwada zawo zinaima. Anayandikira, anabwerera, anayang'ana kudenga, kenaka anakhala pansi pasimenti ndi chikhoti chawo chomwecho.

"Achimwene, mwandipha."

"Ndi thukuta la nyumba, bambo."

"Musaseke! Chithunzichi n'chanu."

"N'changa. Koma khoma n'lanu."

"Ndinakuuzani ndine kuti mupachike pamenepo?"

"Ayi. Koma ndi inu munakaitana atcheyamani. Akandifunsa kuti ndevuzi zachokera kuti, ndidzati zachokera m'khoma la a Makwinja, limene ndakhala ndikuwadandaulira madzinja awiri. Aneba onse amamva ndikamadandaula."

Sindinkawaopseza, ndinkangonena mmene ndinkaganizira kuti zidzakhalire. Koma ndinaona nkhope yawo ikutuwa ngati jekete langa.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulira kwa khasu. A Makwinja, amene ndinali ndisanawaonepo atawerama, anali kuseri kwa nyumba, chikhoti atavula, akukumba ngalande yakuya pakati pa khoma ndi chitunda. Pofika masana kunabwera mmisiri ndi matumba a simenti. Lata lobooka limene linkadonthetsera madzi pakona linasinthidwa. Aneba akafunsa, ankayankha kuti akukonzekera alendo akuluakulu, ndipo atcheyamani anawayamikira pagulu. Lamulo la khonsolo linalephera kuwasuntha pampando, koma kandevu kobiriwira kanawagwiritsa khasu mvula ili pamsana.

M'kati anapala okha, osalola mmisiri kulowa. Ndinaima pambali ndikuona dziko langa likugwa pansi zibenthuzibenthu, dambo, mapiri, mtsinje wa dzina uja. Ndinamva chisoni chenicheni, musandiseke.

Vuto linatsala pa chithunzi. A Makwinja anagula chatsopano choti tidzapachike pulasitala akauma, koma chakalecho tikanachitaya kuti? Kuchiotcha, mbaula zonse zinali pakhonde limodzi, maso a anthu ali pomwepo. Kuchimbudzi, chinali cha mabanja onse ndipo mvula inali itachidzaza, chikanatha kuyandama. Kuchikwirira, madzi a ku Ndirande amafukula ngakhale miyala. Ndinati achitengere kwawo, anati akazi awo sasunga chinsinsi. Ndinati ndichiike kunsi kwa matiresi, anati ndiye kuti ndizigona pamwamba pa Mkulu wa dziko? Apa ndi pamene ndinamvetsa chanza cha manja awiri cha bwana wanga. Pomaliza tinachikhazika pampando wanga umodzi womwewo, titachifunditsa nsalu ya pabedi, ine n'kumadyera pansi.

Loweruka, ntchito ili pakati, khoma theka lakuda bii theka la simenti yaiwisi, chipinda chonse chikununkha ngati dzenje, tinamva kugogoda.

"Odi muno!"

Mvula inali itakhwima, monga analonjezera.

Azakhali analowa ndi ambulera yawo ndi dengu la ndiwo zamasamba zimene anagula pamsika. Esinati anali pambuyo pawo. Anangoponda phazi limodzi m'chipinda, n'kukoka mpweya, chifuwa n'kuyamba kulira. Anagwira chitseko, akufunafuna mpweya, akundiyang'ana ndi maso odabwa. Kukanakhala bwino akanandinyoza.

"Kadikire pakhonde, mwana wanga," anatero azakhali, n'kumupatsa ambulera. Anatseka chitseko okha.

Khoma sanachite kuligwira. Analiyang'ana kuyambira pansi mpaka pamsomali pamene pankakhala chithunzi. Kenaka anafuna pokhala, n'kuona mpando wofunditsidwa. Ine ndi a Makwinja tinatambasula manja nthawi imodzi, koma tinachedwa. Nsalu inachoka.

Kunja mvula inkagwa pang'onopang'ono. Azakhali anayang'ana ndevu, chibwano chopendekera, polishi wa nsapato. Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka kamodzi, n'kukhazikika.

"Inu ndinu eni nyumba?" anafunsa a Makwinja.

"Ndine, mayi."

"Khomali layamba liti kulowa madzi?"

"Ndi kale ndithu, mayi."

"Mnyamatayu ankakuuzani?"

"Ankanena."

"Munakonza?"

A Makwinja anayang'ana simenti imene inali m'manja mwawo. Azakhali anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu, achimwene. Munkadziwa kuti mwana wanga ali ndi mphumu?"

"Ndinkadziwa, mayi."

"Munkafuna adzagone apa, mutu wake uli pakhoma ili."

Azakhali analankhula motsitsa, kuti mawu asatuluke kunja.

"Ndiye amuna awiri akuluakulu, pepala lachita chuku, mwakumba ngalande tsiku limodzi, simenti yapezeka, lata lapezeka. Chikanakhala chifuwa cha mwana wanga chikuchita chuku, mukanandiuza kuti adikire dzuwa."

Mantha onse a masabata aja anachoka, m'malo mwake munalowa manyazi, ndipo manyaziwo anali olemera kuposa manthawo. Ndinkamva Esinati akutsokomola pakhonde. Nyumba ya khonde lozungulira ndinamumangira pakhoma, koma pogona pake penipeni sindinapaganizire. Ndinalira, mwamuna mnzanga ali pomwepo, ndipo sindinabise.

Azakhali anandisiya ndilire pang'ono. Kenaka anatembenuza fulemu, anachotsa pepala lija, analipinda kanayi mopanda kunjenjemera, n'kuliika pansi pa dengu, mpiru ndi tomato pamwamba.

"Ichi ndikusungirani ine," anatero. "Khoma likauma, ndidzabwera kudzaligwira ndi dzanja langa, ndipo chithunzi chatsopano mudzachinyamula m'manja mpaka nditamaliza. Likadzauma, mwana mudzamutenga, ngati iye akukufunanibe. Koma mumve nonse awiri. Khoma ili likadzanyowanso, kapena mwanayu akadzabwera kwathu akulira, ofesi ya chipani ndikuidziwa pamene ili."

Anasenza dengu pamutu n'kutuluka. Tinawaona pawindo akutsika chitunda, akupatsa moni atcheyamani panjira, Mkulu wa dziko ali pamutu pawo kunsi kwa mpiru.

Esinati sanandilankhule mpaka mvula inatha. Ndinapita ku Chilomoni kangapo, ndikuima pafupi ndi makina ake ngati wodikira zovala. Tsiku limene anandiyankha anangoti, "Kouma gwa, eti?" n'kuseka kaseko kake kotsika, ndipo ndinadziwa kuti ndapulumuka. Tinakwatirana chilimwe chomwecho, azakhali atagwira makoma onse anayi. Alendo akuluakulu aja sanabwere n'komwe.

Tinakhala kwa a Makwinja zaka zingapo, ndipo sindikhulupirira kuti mu Ndirande monse munali nyumba ya lendi yosamalidwa ngati kachipinda kathu. Mitambo ikangoyamba kusonkhana kuphiri, iwo ankafika ndi khasu ndi ndowa ya laimu popanda kuitanidwa. Akamaliza ankagwira khoma ndi kuseri kwa dzanja, n'kufunsa chapansipansi, "Azakhali ali bwanji kunyumba?" Aneba ankati ndinawadyetsa mankhwala. Ineyo ndinali mwamuna wofatsa mochititsa chidwi. Tikayambana pang'ono, Esinati akangoyang'ana kumene kuli nsapato zake, ndinkapepesa ngakhale ndisanadziwe cholakwa changa.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, zithunzi zija zitatsika m'makoma, tinapita kukaona azakhali. Anali atakalamba, akuothera dzuwa pamkeka. Ndinalimba mtima.

"Mayi, katundu wathu uja mukadali naye?"

"Katundu uti, akamwini?"

"Wa m'dengu uja."

Anaseka mpaka anatsokomola.

"Inu, ndikanasunga chinthu chimenecho m'nyumba mwanga? Ndine wamisala? Ndinangofika n'kuyatsira mbaula tsiku lomwelo. Chinavuta kuyaka, chinali chonyowa."

"Ndiye zaka zonsezi, osatiuza?"

"Ndikanakuuzani, khoma likanauma?"

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo. Pano ndili ndi kanyumba kanga ka lendi ku Machinjiri. Dzinja lapitali mnyamata amene amakhalamo anabwera kudzandiuza kuti khoma lakuchipinda layamba kuda, mwana wawo akutsokomola. Ndinali pakhonde, ndikuyang'ana mitambo, maganizo ali kutali. Ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha.

"Achimwene, nyumba ndi munthu, imapu..."

M'nyumba Esinati anatsokomola kamodzi. Sichinali chifuwa cha mphumu, chimenecho ndimachidziwa. Ndinadzuka n'kukatenga khasu.